Msonkho wa munthu wopanda bwana

Wolembedwa ntchito msonkho wake sauona. Umachoka malipiro asanafike m'manja, ndipo chimene chimatsala ndi kanambala kolembedwa pa pepala la malipiro, kamene ambiri sakayang'ana n'komwe. Akalandira ndalama amadziwa kuti yonse ndi yake. Wodzilemba yekha ntchito alibe mtendere umenewu. Ndalama imamufika yathunthu, yosadulidwa, ndipo mkati mwake muli gawo la boma limene palibe amene walipatula. Kulipatula ndi udindo wake. Ku America boma silidikiranso kuti chaka chithe: limafuna gawo lakelo kanayi pa chaka, mwiniwake atawerengera yekha kuti akuyenera kupereka zingati. Kumeneko msonkho wolipiriratu umenewu amautcha estimated tax, ndipo amene amautolera ndi bungwe la IRS.

Nkhaniyi ikukhudza abale athu ambiri. Mwa amene anapita ku America, kaya ali ku South Bend ku Indiana, ku Texas kapena cha ku Washington, si onse amene ali pa ntchito ya bwana mmodzi. Ena amanyamula anthu pa Uber ndi Lyft, ena amaperekera zakudya pa DoorDash, ena amaluka tsitsi kunyumba, ena amayendetsa mathiraki awoawo, ndipo pali ena osamalira okalamba amene amalipidwa ngati makontilakitala. Ambiri ali ndi ntchito yolembedwa masana ndi geni yamadzulo. Ambiri mwa iwo pakutha pa Januwale salandira pepala la W-2 lokha, losonyeza msonkho umene abwana anadula. Amalandiranso mapepala a 1099, amene amangonena ndalama zimene analipidwa, osadulidwa kanthu. Mapepala omwewo amapitanso ku IRS. Boma limadziwa kale zimene munapeza inu musanalembe chilichonse.

Dongosololi linabadwa ndi nkhondo. America itakhazikitsa msonkho wa pa ndalama zopeza mu 1913, olipira anali ochepa, makamaka olemera, ndipo ankalipira chaka chitatha. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasintha zimenezi. Boma linafuna ndalama zochuluka, ndipo lamulo la 1942 linakokera mu msonkho anthu wamba a m'mafakitale ndi m'masitolo. Olipira anali pafupifupi 4 miliyoni mu 1939, koma pofika 1945 anapitirira 40 miliyoni. Aliyense ankaona kuti munthu wolandira malipiro a pa mlungu sangasunge ndalama ya msonkho chaka chonse osaikhudza. Beardsley Ruml, amene anali msungichuma wa sitolo ya Macy's komanso wapampando wa Federal Reserve Bank of New York, analimbikitsa kuti msonkho uzilipiridwa m'chaka chomwecho chimene ndalama yapezeka. Mu 1943 nyumba ya malamulo inavomereza Current Tax Payment Act, ndipo mmodzi mwa amene anathandiza kukonza njira yodulira msonkho pa malipiro anali Milton Friedman, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku unduna wa zachuma. Olembedwa ntchito anayamba kudulidwa ndi mabwana awo. Amene analibe bwana wowadula anauzidwa kuti aziyerekeza okha n'kumalipira m'magawo.

Pali chinthu chimodzi m'lamulo limenelo chimene ndimafuna wodzilemba ntchito aliyense achidziwe. Aphungu anaona kuti kusinthaku kukanachititsa anthu kulipira msonkho wa zaka ziwiri m'chaka chimodzi, wa 1942 ndi wa 1943. Anadziwa kuti ambiri sakanakwanitsa, choncho anakhululukira magawo atatu mwa anayi a msonkho wa chaka chimodzi. Boma lenilenilo, lili pakati pa nkhondo, linavomereza kuti misonkho iwiri yogwa pamodzi imathyola munthu. Masiku ano amene salipira m'magawo amadziika yekha pamalo omwewo, koma iye palibe womukhululukira.

Lamulo lake ndi lalifupi. Ngati mukuona kuti pakutha pa chaka mudzatsala ndi msonkho wa $1,000 kapena kuposa, mutachotsa umene unadulidwa kale ndi zina zimene boma limakuchepetserani, muyenera kulipira m'magawo. Sizikhudza a geni okha. Lendi ya nyumba, chiwongoladzanja cha ku banki, phindu la masheya, ndalama yopeza pogulitsa masheya kapena malo, mphoto za mpikisano, zonsezi zimafika zosadulidwa. Apa abale athu ambiri amaphonya mfundo ina: nzika ya America, kapena munthu wokhala m'dzikomo mokhazikika monga wa green card, amalipira msonkho pa ndalama zimene wapeza kulikonse padziko. Nyumba ija munamanga ku Area 25 kapena ku Chirimba, imene lendi yake amatolera mlongo wanu, nayonso iyenera kulembedwa. Msonkho umene munalipira kale ku Malawi pa lendiyo umatha kuchotsedwa, koma kubisa lendiyo si njira. Ndalama zimene mumatumiza kumudzi, za fetereza, za fizi, za chipatala, sizichepetsa msonkho ngakhale pang'ono. Kwa IRS imeneyo ndi mphatso yochokera m'thumba mwanu.

Chimene chimadzidzimutsa ongoyamba kumene n'chakuti misonkho yake ndi iwiri. Woyamba ndi wa pa ndalama zopeza, umene aliyense amauyembekezera. Wachiwiri ndi wa Social Security ndi Medicare, wothandiza pa ukalamba ndi pa chipatala cha okalamba. Wolembedwa ntchito amadulidwa 7.65 peresenti, abwana ake n'kuwonjezerapo 7.65 peresenti ina. Wodzilemba yekha ndi wantchito komanso ndi bwana, choncho amasenza mbali zonse ziwiri, 15.3 peresenti. Umenewu umayamba phindu likangofika $400 pa chaka, ndipo ulibe gawo lalikulu lokhululukidwa monga mmene zilili ndi msonkho woyamba uja.

Tiyerekeze mnyamata wosakwatira, wopanda mwana, amene mu 2024 anapeza phindu la $40,000 atachotsa zonse zimene anawononga pa geni. Msonkho wa Social Security ndi Medicare umawerengedwa pa 92.35 peresenti ya phindulo, imene ndi $36,940, ndipo umakwana pafupifupi $5,650. Msonkho wa pa ndalama zopeza, titachotsa theka la $5,650 ija, $14,600 imene chaka chimenecho inali yosakhoma msonkho kwa wosakwatira, ndi gawo lina limene a mabizinesi ang'onoang'ono amaloledwa kuchotsa, umatsika kufika pafupifupi $1,900. Yonse pamodzi ndi pafupifupi $7,600. Onani kuti msonkho umene mnyamatayu sankaudziwa ndi waukulu pafupifupi katatu kuposa umene ankaudziwa. Atagawa kanayi, lililonse la magawowo ndi $1,900. Imeneyi munthu wogwira ntchito tsiku ndi tsiku angathe kuipeza. Koma $7,600 nthawi imodzi, mwezi wa Epulo, ndi anthu ochepa amene angaitulutse.

Masiku olipira ndi 15 Epulo, 15 Juni, 15 Sepitembala ndi 15 Januwale wa chaka chotsatira. Tsikulo likagwera Loweruka, Lamlungu kapena pa holide, limasunthira ku tsiku lotsatira la ntchito. Anthu amati ndi miyezi itatu iliyonse, koma muwerenge bwino. Gawo loyamba ndi la Januwale mpaka Malichi. Lachiwiri ndi la miyezi iwiri yokha, Epulo ndi Meyi. Lachitatu ndi la Juni mpaka Ogasiti, ndipo lomaliza ndi la miyezi inayi, Sepitembala mpaka Disembala. Amene amaganiza kuti akalipira mu Epulo apuma mpaka Julayi amapezeka atachedwa ndi mwezi wathunthu. Ine ndimaona kuti kagawidwe kameneka ndi kopanda chilungamo kwa munthu wamba, chifukwa gawo la Juni limabwera iye asanachire ku zolipira za Epulo. Koma lamulo ndi limenelo, ndipo lakhala choncho zaka zambiri.

Funso lovuta ndi lakuti munthu angadziwe bwanji mu Epulo zimene adzapeze pofika Disembala. Woluka tsitsi amadziwa kuti nyengo ya maukwati ndi ya Khirisimasi ndalama imalowa, koma Febuluwale ndi wouma. Woyendetsa thiraki sadziwa kuti injini idzafa liti. Boma silifuna kuti mulosere molondola. Linaika malire awiri, ndipo mukafika pa amodzi mwa iwo chindapusa sichikukhudzani. Oyamba ndi kulipira 90 peresenti ya msonkho wa chaka chino. Achiwiri ndi kulipira 100 peresenti ya msonkho wonse wa chaka chatha, kapena 110 peresenti ngati chaka chathacho munapeza ndalama zoposa $150,000.

Malire achiwiriwa ndi amene ndimawaona othandiza kwambiri, chifukwa safuna kulosera. Mumatenga fomu ya 1040 ya chaka chatha, kuyang'ana pamene palembedwa msonkho wonse, n'kugawa kanayi. Ngati unali $6,000, mumalipira $1,500 kanayi, basi. Ngakhale geni itayenda bwino chaka chino msonkho n'kukwera kufika $10,000, chindapusa palibe. Koma apa pali msampha umene umakola anthu osamala omwe. Malirewa amakutetezani ku chindapusa chokha. Ngongole ya $4,000 yotsalayo ikudikirabe pa 15 Epulo. Amene chaka chatha anali pa ntchito ya malipiro ochepa, chaka chino n'kuyamba geni yopindulitsa, angathe kutsatira lamulo bwinobwino n'kupezekabe mu Epulo ali ndi ngongole yaikulu. Choncho malirewa aziuza munthu zimene ayenera kutumiza ku IRS, koma asamuuze zimene ayenera kusunga. Zosunga ziyenera kutsatira zimene akupeza lero.

Kwa amene ndalama zake zimabwera mwa apo ndi apo, kapena amene wagulitsa malo mu Novembala, pali njira yowerengera msonkho molingana ndi nthawi imene ndalamayo inalowa. Ili pa fomu ya 2210, gawo lotchedwa Schedule AI. Ndi yotopetsa kulemba, koma imaletsa kuti mulipitsidwe chindapusa cha Epulo pa ndalama imene munaipeza mu Novembala. Alimi ndi asodzi, amene magawo awiri mwa atatu a ndalama zawo amachokera kumunda kapena kunyanja, ali ndi lamulo lawolawo: angathe kulipira kamodzi pa 15 Januwale, kapena kulemba fomu ndi kulipira zonse pofika 1 Malichi.

Pali njira inanso imene ambiri saidziwa, yothandiza amene ali ndi ntchito yolembedwa pambali pa geni, kapena amene mkazi kapena mwamuna wake ndi wolembedwa ntchito ndipo amalemba fomu limodzi. Msonkho wodulidwa pa malipiro umatengedwa ngati unalipiridwa mofanana chaka chonse, ngakhale utadulidwa wonse mu Disembala. Ndiye namwino amene amagwiranso geni kumapeto a mlungu angathe kupereka kwa abwana ake fomu yatsopano ya W-4, kuwapempha kuti azimudula ndalama yowonjezera pa malipiro aliwonse. Akatero sakufunikanso kukumbukira masiku anayi aja. Ngakhale atazindikira mu Okutobala kuti watsalira, kudulidwa kwambiri miyezi yotsalayo kumakwirira magawo amene anaphonya.

Tsopano chindapusa chenichenicho. Anthu amachiopa kwambiri, koma si chachikulu. Chimawerengedwa ngati chiwongoladzanja pa gawo lililonse limene lachedwa, kuyambira tsiku limene linayenera kulipiridwa mpaka tsiku limene lalipiridwa. Mlingo wake umasintha ndi nthawi: mu 2024 unali 8 peresenti pa chaka, mu 2025 unatsika kufika 7 peresenti. Mnyamata wathu wa $40,000 uja, akanapanda kulipira gawo lililonse chaka chonse n'kudzalipira zonse mu Epulo, chindapusa chake chikanakhala cha pakati pa $300 ndi $400. Ndi ndalama ndithu, yokwana kugulira matayala, koma si imene imagwetsa munthu. Ena akamva zimenezi amati ndiye bola kugwiritsa ntchito ndalamayo pa geni n'kudzalipira chindapusacho, popeza khadi la ngongole limadula kuposa pamenepo. Pa masamu akunena zoona. Koma masamu amenewa amayenda pokhapokha ngati $7,600 ija idzakhalapo mu Epulo, ndipo nthawi zambiri sikhalapo.

Sikhalapo chifukwa ndalama yooneka mu akaunti imakhala ndi eni ake ambiri, makamaka ya munthu wa kwathu amene ali kunja. Foni imalira m'bandakucha. “Achimwene, pepani ndakudzutsani. Amayi awagoneka, adokotala akuti mankhwala tikagule kwina.” Mlungu wotsatira ndi mwana wa alongo: “Amalume, atiuza kuti amene sanamalize fizi salemba mayeso.” Kenako mmisiri akuti simenti yakwera, tigule lero. Palibe pempho labodza pamenepa, ndipo palibe munthu wamtima amene angayang'ane $3,000 ili mu akaunti n'kuyankha kuti alibe. Amatumiza, akudziuza kuti adzabweza mwezi wamawa. Wolembedwa ntchito sakumana ndi yeseroli, chifukwa ndalama ya msonkho sanaione. Ichi ndicho chifukwa chachikulu cholipirira pa nthawi yake. Masiku anayi aja amagwira ntchito ya bwana amene mulibe: amachotsa ndalamayo pamaso panu ndi pamaso pa onse okudalirani. Mlimi amapatula chimanga cha mbewu asanayambe kudya za m'nkhokwe, ndipo njala ikavuta sachiwerengera pa chakudya. Ndalama ya msonkho iyenera kupatulidwa motero.

Amene sanapatule amakumana ndi 15 Epulo wa nkhope ziwiri. Tsiku lomwelo ndi lomaliza kulipira msonkho wonse wa chaka chatha, ndiponso ndi tsiku la gawo loyamba la chaka chino. Mnyamata uja akufunika $7,600 ya chaka chatha ndi $1,900 ya chaka chino, ndipo pakangotha miyezi iwiri $1,900 ina. Amathamangira kulipira yakale, yatsopano n'kuisiya. Chaka chamawa zimabwerezanso, ngongole itakula. Ndi mmene anthu ogwira ntchito mwakhama, osaba, osanama, amapezekera ali ndi ngongole ya zaka zitatu kapena zinayi ku IRS.

Njira yopewera zimenezi si ya nzeru zakuya. Tsegulani akaunti yachiwiri, makamaka ku banki ina, imene khadi lake simuyenda nalo. Ndalama iliyonse ikalowa, tsiku lomwelo tumizani gawo lake kumeneko. Ambiri olangiza za msonkho amati 25 mpaka 30 peresenti ya phindu, ndipo kwa wopeza ndalama zapakatikati zimenezi zimakwanira, nthawi zina n'kutsalako. Amene akudziwa kuti ndalama sikhala m'manja mwake asadikire n'komwe masiku anayi aja. IRS imalandira ndalama tsiku lililonse, ndipo palibe choletsa kulipira mwezi ndi mwezi kapena mlungu ndi mlungu, bola pofika tsiku la gawo ndalama yokwanira ikhale italowa. Pa Direct Pay, pa intaneti, mumalipira kuchokera ku banki popanda ndalama yowonjezera. Pamenepo samalani zinthu ziwiri: sankhani kuti mukulipira estimated tax ya fomu ya 1040-ES, ndipo sankhani chaka cholondola. Gawo la 15 Januwale ndi la chaka chimene changotha, osati chatsopanocho. Sungani nambala yotsimikizira, chifukwa polemba fomu ya chaka mudzafunika kunena zonse zimene munalipira.

Msonkho umakhomedwa pa phindu, osati pa zonse zimene zalowa, ndipo apa m'pamene kabuku ka mu galimoto kamagwira ntchito. Mu 2024 woyendetsa galimoto pa geni ankaloledwa kuchotsa masenti 67 pa mailosi aliwonse, ndipo mu 2025 masenti 70. Amene anayenda mailosi 20,000 pa ntchito mu 2024 anachotsa $13,400 pa ndalama zokhomedwa msonkho. Koma IRS imafuna umboni wolembedwa: tsiku, kumene munapita, chifukwa chake, ndi mailosi. Kabuku kokhala pafupi ndi giya, kolembedwa madzulo aliwonse musanatsike m'galimoto, kapena pulogalamu ya pafoni yowerenga mailosi, kamapulumutsa ndalama zambiri kuposa nzeru zina zonse za msonkho. Woluka tsitsi asunge malisiti a mesh, mafuta ndi mipando. Wopanda zolemba sangathe ngakhale kuyerekeza msonkho wake, chifukwa sadziwa phindu lake.

Musaiwale boma la chigawo. Texas ndi Florida sakhometsa msonkho pa ndalama zimene munthu amapeza, koma zigawo zambiri zimakhometsa, ndipo zimafunanso kulipiriratu. Ku Indiana kuli msonkho wa chigawo komanso wa county. California ili ndi kagawidwe kakekake: 30 peresenti mu Epulo, 40 peresenti mu Juni, mu Sepitembala mulibe, n'kumaliza ndi 30 peresenti mu Januwale.

Pali ena amene amati bola kulandira ndalama pamanja osalemba chilichonse. Ndimawamvetsa, koma amadziphera tsogolo. Msonkho wa 15.3 peresenti uja ndi umene umalembetsa munthu ku Social Security. Kuti adzalandire penshoni ya ukalamba amafunika mapointi 40, ndipo pa chaka sangapeze oposa 4, kutanthauza zaka zosachepera 10 za ntchito yolembedwa m'mabuku. Amene wabisa geni yake zaka 15 amafika pa ukalamba ngati sanagwirepo ntchito. Akafuna ngongole ya nyumba, banki kawirikawiri imafuna mafomu a msonkho a zaka ziwiri, ndipo imakhulupirira phindu limene analemba, osati limene akunena pakamwa. Akafuna kuitanitsa mkazi wake kapena mayi ake, fomu ya I-864 imafuna umboni wa msonkho. Akafuna unzika, fomu ya N-400 imafunsa ngati ali ndi ngongole ya msonkho imene nthawi yake inapitirira. Kwa mlendo m'dziko la eni, mbiri ya msonkho ndi umboni umene amaufunsa pa khomo lililonse lofunika.

America si yokha. Ku Britain, bungwe la msonkho la HMRC limafuna magawo awiri, pa 31 Januwale ndi pa 31 Julayi, lililonse theka la msonkho wa chaka chatha, kupatula ngati msonkhowo unali wosakwana £1,000 kapena woposa 80 peresenti unadulidwa kale. Kumeneko msampha uli pa chaka choyamba. Amene anayamba geni mu Meyi 2024 sanafunsidwe kanthu mpaka 31 Januwale 2026, miyezi yoposa 20 akudya ndalama yosadulidwa. Tsikulo likafika, ngati msonkho wake ndi £3,000, amalipira £4,500, chifukwa amawonjezera theka la chaka chotsatira, ndipo mu Julayi £1,500 ina. Ku South Africa, SARS imautcha provisional tax, ndipo umalipiridwa kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale pa fomu ya IRP6. Kumeneko chilango n'chowawa: 10 peresenti kwa wochedwa, ndi 20 peresenti kwa amene wayerekeza motsitsa kwambiri. Ku Malawi nakonso a bizinesi amalipira provisional tax ku MRA miyezi itatu iliyonse, ndipo zonse pamodzi ziyenera kufika 90 peresenti ya msonkho wa chaka. Poyerekeza ndi South Africa, chindapusa cha ku America n'chopepuka, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu amachinyozera mpaka ngongole itakula.

Nanga amene watsalira kale atani? Choyamba, asadikire tsiku la gawo lotsatira. Chindapusa chimawerengedwa ndi masiku, choncho kulipira lero, ngakhale theka, kumachepetsa. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chofunika kuposa zonse, alembe fomu ya chaka pa nthawi yake ngakhale alibe ndalama. Ambiri amachita mantha n'kusiya kulemba, poganiza kuti akapanda kulemba boma silidziwa. Koma chilango cha kusalemba ndi 5 peresenti ya ngongole mwezi uliwonse, mpaka 25 peresenti, pamene cha kulemba osalipira ndi theka la peresenti imodzi pa mwezi. Kusalemba kumadula kakhumi. Fomu ya 4868 imapereka miyezi 6 yowonjezera yolembera, mpaka Okutobala, koma siwonjezera nthawi yolipirira. Chindapusa cha magawo chimatha kukhululukidwa pa zifukwa zochepa, monga ngozi yaikulu, tsoka la chilengedwe, kulumala, kapena kupuma pa ntchito munthu atakwana zaka 62. Kusadziwa lamulo sikuli m'gulu limeneli.

IRS imalola kulipira ngongole yakale pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, ndipo ambiri angathe kupempha zimenezi pa intaneti osaonana ndi munthu. Chiwongoladzanja chimapitirira, koma makalata oopseza amaleka, ndipo kawirikawiri boma sililanda ndalama ku banki mgwirizano ukuyenda bwino. Mgwirizanowu uli ndi lamulo lake: msonkho wa zaka zotsatira uyenera kulembedwa ndi kulipiridwa pa nthawi yake, ndipo ngongole yatsopano ingathe kuuphwanya. Choncho amene ali ndi ndalama zochepa mu Epulo, zosakwanira mbali zonse ziwiri, asathire zonse ku ngongole yakale. Aike yakaleyo pa mgwirizano wa mwezi ndi mwezi, pa mlingo umene angaukwanitse ngakhale mwezi wouma, ndipo alipire gawo la 15 Epulo la chaka chino, kenako la 15 Juni.